Mlandu wa Bafa Lokolopa

Zimene ndinataya ndi izi: mkazi wanga, maliro ake, ntchito ya mu labu ku Gaithersburg, nyumba ya lendi, dzino limodzi lam'munsi, ndi miyezi yonse kuchokera nyengo ya chisanu mpaka masamba atayamba kugwa. Mphete yaukwati a kundende anandibwezera.

Anagogoda Lachinayi m'mawa, mu Febuluwale, mkazi wanga atamwalira Lolemba. M'nyumba munali anthu. Mipando tinali titaikankhira kukhoma monga mwa maliro, azimayi atakhala pansi, akuimba motsitsa mawu kuopa kusokoneza aneba. Apolisi awiri anaima pakhomo n'kumayang'ana mulu wa nsapato. Wamkuluyo anafunsa dzina langa, ngakhale ankalidziwa.

"Tembenukani, manja kumbuyo," anatero. "Muli ndi ufulu wokhala chete. Chilichonse chimene munene chikhoza kugwiritsidwa ntchito pokutsutsani kukhoti."

Mkulu wa mpingo wathu anadzuka. "Auzeni kuti pano pali maliro," anandiuza m'Chichewa. Sindinawauze. Nyimbo inapitirira mpaka ndinafika pa masitepe.

Chimene anandimangira ndi ichi. Mkazi wanga ankagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalira okalamba. Iye akamafika m'mawa, ine ndinkakhala ndikunyamuka. Lolemba limenelo nditaweruka ndinamupeza m'bafa ali pansi, atachekeka pamphumi, atazizira kale. Nambala ya ambulansi ndimaidziwa, ku labu inali pakhoma lililonse. Koma ambulansi ndi ya odwala. Munthu akamwalira timauza akuluakulu. Ndinaimbira mkulu wa mpingo.

Anafika ndi akazi awo ndi mayi awo okalamba, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi kudzalera zidzukulu. Amayiwo ananditulutsira pakhonde, popeza mwamuna saonerera zoterezi. Mkazi wangayo anamunyamula, anamugoneka pabedi, anamutseka maso ndi pakamwa, anamupukuta nkhope, anamufunda chitenje. Agogowo anakolopa m'bafa ndi jiki. Kenako panafika mayi wina wa mumpingo, namwino, amene anangonunkhiza jikiyo n'kuima chilili pakhomo.

"Mwaimba nambala ija?" anafunsa.

Tinaimba. Apolisi anapeza mtembo woyera pabedi loyala bwino, bafa lowala, ndi mwamuna wosalira.

Tsiku lomwelo anandifunsa mafunso m'kachipinda kopanda zenera. Ndinayankha onse popanda loya, chifukwa kwathu munthu wosalakwa amafotokoza. Wofunsayo anaika bokosi la tishu patebulo n'kumaliyang'anira. Sindinatengepo. Zimenezi zinalembedwa, ndipo ndinadzazimva zikuwerengedwa kukhoti. Mneba wapansi anawauza kuti m'mawa wa tsikulo anamva mawu okweza, kenako chinthu chikugunda pansi. Mawu okwezawo anali oona. Mkazi wanga akamaseka, nyumba yonse inkadziwa.

Jaji woyamba ndinamuona pa kanema. Ine ndinali kundende, nditavala zofanana ndi anthu onse a pamzerewo, iye ali kukhoti. Loya wa boma ananena kuti ndili ndi pasipoti ya dziko lina, nditha kuthawa. Loya wonditeteza, mayi wowonda amene ndinali nditangomudziwa m'mawa womwewo, ananena kuti munthu sathawa atasiya mkazi wake m'nyumba ya chisoni. Jaji anakana belo. Wonditsutsa anali wa boma, wonditeteza ankalipidwanso ndi boma, jaji nayenso wa boma. Panatenga miyezi kuti ndikhulupirire kuti sagwirizana kuseri.

Za ndende sindinena zambiri. Magetsi sazima onse. Amakuwerengani kangapo patsiku. Msilikali wina wa ndende, wonenepa, wosachedwa kuseka, ankati potiwerenga: "Nonsenu ndinu osalakwa, ndikudziwa. Wolakwa muno ndine ndekha, amene ndinafunsira ntchito ino." Mkaidi wina anandiuza tsiku loyamba: "Mlandu wako usauze munthu." Unamvekabe. Dzino lija linapita m'sabata yachiwiri, pamzere wa chakudya, wina atandimenya chibakera.

Mu Epulo mkulu wa mpingo anabwera kudzandiona. Tinalankhula pa foni, galasi lili pakati. Anandiuza kuti achipatala atulutsa thupi, anthu asonkha, ndipo amukweza ndege. Atabweranso anandiuza kuti amuika pafupi ndi bambo ake, ndipo kunagwa mvula pang'ono.

"Apongozi anga anena chiyani?" ndinafunsa.

Anayang'ana chingwe cha foni. "Sanakutchuleni. Amalume a mkazi wanu ndi amene alankhula. Akuti adikira kumva za khoti."

Mu selo ndinkagona ndi mkulu wina wakuda wa konkuno, wobadwira kumidzi ya ku Virginia, tsitsi lonse mbuu. Ankanditcha Pulofesa. Makhoti anawalowa kambirimbiri pa timilandu ting'onoting'ono, ndipo ankawafotokoza ngati mmene munthu amafotokozera abale ake ovuta.

"Jaji si amene akuweruze, Pulofesa. Iye ndi lifali, amangoimba wezulo. Akuweruze ndi anthu khumi ndi awiri amene sanafune n'komwe kubwera. Wina akuganiza za galimoto yake, wina za mwana wake. Kalaliki amalumbiritsa, wotayipa amalemba zonse, ngakhale ukatsokomola. Iweyo ntchito yako ndi kuvala jekete."

Tsiku lina anandiona ndikuwerenga buku la malamulo la m'ndendemo. Ndinamuuza kuti kukoleji tinaphunzira kuti makhoti a dziko lino anagamula kuti ana akuda ndi ana oyera aziphunzira sukulu imodzi, ndipo kuti zimenezo zinkandilimbitsa mtima. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wakudayo ndinali ine. Khoti linagamula, eya. Kwathu akuluakulu anangotseka sukulu zonse, kuti ngati n'choncho pasakhale wophunzira. Ana oyera anawapezera kwina. Ine ndinkathyola fodya. Pamene zinkatsegulidwanso ndinali wamtali kuposa aphunzitsi, ndinachita manyazi kukhala pa kampando. Koma mlongo wanga wamng'ono analowa. Anamaliza. Ndiye sindinganene kuti majajiwo ananama. Anangochedwa kufika kwa ine."

Mu Julayi loya wanga anabwera ndi uthenga wa loya wa boma. Ndikavomera mlandu wocheperako, woti ndinapha mosakonzekera, zaka zidzakhala zochepa, kenako adzanditumiza kwathu. Ndikakana n'kupezeka wolakwa, ndikhoza kukalambira m'ndende. Anandiuza kuti ntchito yake ndi kundifikitsira uthengawo, kusankha n'kwanga.

"Vomera," anatero mkulu wa mu selo uja usiku wake. "Ine ndavomerapo zimene sindinachite, ndipo ndili moyo. Anthu khumi ndi awiri aja sadziwa kwanu. Amva jiki basi."

Ankandifunira zabwino. Koma kuvomerako kumachitika pamaso pa jaji, mokweza, utalumbira, ndipo mawuwo akanafika kwa apongozi anga ine ndisanafike. Ndinakana. Mawa lake mkuluyo anandipatsa lalanje lake.

Mlandu unayamba Lolemba lina mu Okutobala. Tsiku loyamba linatha ndi kusankha anthu khumi ndi awiri aja. Maloya ankawafunsa mmodzimmodzi, n'kumachotsa ena popanda kunena chifukwa. Amene anatsala anali amitundu yosiyanasiyana, koma panalibe wa kwathu. Kenako loya wa boma anaimirira, mnyamata wa msinkhu wanga, waulemu, n'kunena kuti adzaonetsa mwamuna amene anakankha mkazi wake, n'kupita kuntchito, n'kubwera kudzafafaniza umboni. Sanandiyang'ane. Anaitana mneba, apolisi, ndi dokotala wa boma, amene anati sangathe kunena motsimikiza chimene chinayamba, kugwa kapena kufa. Loya wanga ankaimirira kawirikawiri kunena kuti akutsutsa, jaji n'kumati wavomera kapena wakana, ndipo nthawi zambiri sindinkadziwa ngati tapindula. Zithunzi za mtembo anazionetsa pa kanema wamkulu. Ndinayang'ana tebulo.

Itafika nthawi yathu, dokotala wina anafotokoza kuti mtsempha wa mu ubongo unaphulika, ndipo mkazi wanga anagwa atakomoka kale. Kenako anaitana agogo aja. Womasulira anali mnyamata wa ku Lusaka. Agogowo asanakhale anafuna kupereka moni kwa jaji, kwa maloya, ndi kwa anthu khumi ndi awiri aja, ndipo mnyamatayo anawanong'oneza: "Nkhalani chabe pansi, amai, apa sitipatsana moni."

Loya wa boma anawafunsa amene anawatuma kukolopa.

"Kunditumanso? Ine ndine mwana?"

Anawafunsa ngati ankadziwa kuti akuwononga umboni. Womasulira anayesa kawiri kuti funsolo limveke. Agogowo anatembenukira kwa jaji.

"Mwana wa munthu anali pansi, m'bafa, pafupi ndi chimbudzi. Mumafuna amayi ake akamve kuti tinamusiya pomwepo, ife tikudikira alendo? Kwanu kuno mumatero?"

Jaji anawauza kuti mboni imayankha, sifunsa. Agogowo anati amva. Mayi wina mwa khumi ndi awiri aja anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Ine ndinkafuna kulankhula. Ndinali ndi zoti ndinene za m'mawa umenewo, zimene palibe wapolisi anandifunsa. Loya wanga anakana.

"Lamulo likuti simukakamizidwa, ndipo jaji awauza anthu khumi ndi awiri aja kuti asakuweruzireni kukhala chete. Boma ndilo liyenera kutsimikiza mlandu, inu ayi. Mukakwera pamenepo mnyamata wa boma uja akufunsani chifukwa chake simunalire. Muyankha chiyani?"

Ndinakhala chete pa mlandu wa mkazi wanga, nditavala jekete la mkulu wa mpingo, lalifupi manja.

Anthu khumi ndi awiri aja anakakambirana kuchipinda chawo Lachinayi masana, n'kutuluka Lachisanu. Kalaliki anafunsa, ndipo bambo wina wadazi anayankha m'malo mwa onse kuti sanandipeze wolakwa. Jaji anawathokoza, anandiuza kuti ndine mfulu. Asilikali anandimanganso unyolo n'kundibwezera kundende, chifukwa munthu amatulukira kumene analowera. Ndinadikira pa benchi mpaka madzulo. Mkulu wa mu selo uja sindinamutsanzike, anali atamusamutsa ndili kukhoti. Msilikali wonenepa uja anandipatsa thumba la zovala zanga za mu Febuluwale.

"Ndinakuuza kuti ndiwe wosalakwa," anatero.

Loya wanga anandifotokozera mosabisa kuti chigamulocho sichinena kuti sindinaphe. Chimangonena kuti boma lalephera kutsimikiza. Khoti lilibe mawu ena oposa amenewo, ndipo silidzandiitananso pa nkhaniyi. Ufulu umene ndinatuluka nawo ndi umenewo. Ndimatsegula ndekha chitseko, ndimazima magetsi, palibe wondiwerenga. Kutchalitchi ena amandipatsa moni ndi manja awiri, ena amasuntha pang'ono pa benchi. Sindiwada. Mneba uja ananena zimene anamva. Agogo aja anachita zimene akanachitira mwana wawo. Sindikupeza munthu woti ndimukwiyire, ndipo ndasiya kumufunafuna.

Ndinkagona pabalaza kwa mkulu wa mpingo. Lamlungu loyamba, titaweruka, ndinaimba foni kumudzi. Anayankha amalume a mkazi wanga, ankhoswe athu. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, za madokotala, za mboni, za chigamulo. Anamvetsera osandidula. Kenako anati ndidikire. Ndinamva foni ikuyenda, nkhuku, chitseko.

"Mwatuluka," anatero apongozi anga.

"Ndatuluka, amayi. Akhoti anena kuti..."

"Za akhoti andiuza kale. Iwo sanali m'nyumbamo. Inu munalimo. Mwana wanga munasiyana naye bwanji?"

Ndinawauza. Anali atavula nsapato za kuntchito, atakhala m'mphepete mwa bedi, akudzisisita m'khosi. Ndinali pakhomo, chikwama chili kumsana. Anali atangondiseka chifukwa ndinavala juzi mozondoka. Ndinamufunsa ngati ndimusiyire tiyi.

"Ndiye anati chiyani?" anafunsa apongozi.

"Anati: Pitani, basi ikusiyani. Mukabwera mudzandidzutse, ndikufuna tidyere limodzi."