Ndinalumbira kuti dothi silidzawagwera

Ndinadzuka kusanache, chisanu cha Juni chikuluma zala, ndipo choyamba kugwira chinali foni. Yankho kunalibe. Pabalaza amayi a kutchalitchi anali atasasa mawu ndi nyimbo, ena akusinza m'mabulangete. Kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Yeoville, kuno ku Joni, azibambo ankaotha moto wa matabwa a mapaleti mumgolo.

Amuna anga ankakonza mafiriji ku Jeppestown. Kasitomala wina ndiye anawauza kuti ku Amereka kuli malo osungirako mitembo pozizira kwambiri, kudikira tsiku limene madokotala adzathe kuidzutsa. Ine ndinaseka, iwo sanaseke. Zaka khumi ankalipira inshuwalansi ya moyo yoti idzawapititse kumeneko, zotsala n'kumagula masheya m'malo momanga nyumba kumudzi. Ankati firiji siifa, imangodikira wodziwa kukonza. Anandilumbiritsa kuti sindidzalola dothi kuwagwera, ndipo ndinavomera pongofuna kuti nkhani ithe.

Atagwa kuntchito n'kumwalira ndi matenda a mtima, ndinawasunga kumochale masabata atatu, ndikulembera anthu a ku Amereka aja. Abale anati ndapenga. Kuwanyamula kupita kwathu ku Thyolo sikunatheke, poti ndalama zinali zomangika m'mapepala omwewo. Potsiriza alamu anga, akulu awo a malemu, anasankha tsiku osandifunsa.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika, a ku Kya Sand pa matekisi awiri, ena ali m'maovololo a kuntchito. Azimayi anateleka mpunga ndi kabichi. Aliyense wodzandipepesa ankayang'ana foni m'dzanja langa, kenako n'kuyang'ana pansi.

Bokosi litafika ndinawagwira amuna anga pachipumi. Panali pozizira bwinobwino, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinasangalala. Ndinatseka makatani kuti dzuwa lisawafike, ndinapita kukagwada pamaso pa alamu, anthu onse akuona.

“Tsiku limodzi lokha, alamu. Tiwabweze kumochale. Mwina ayankha lero.”

Anandidzutsa ndi manja awiri. “Anthuwa apempha ofu kuntchito, mayi. Dzenje akumba kale.”

Tinanyamuka pang'onopang'ono, magalimoto atayatsa nyali, matekisi akutiimbira hutala pa maloboti. Njira yonse ndinkapemphera kuti galimoto ya maliro ife, kapena apolisi atiimitse. Palibe chinachitika. Kumanda kunali mphepo ya fumbi, ndipo maliro ena atatu ankaimba nyimbo zawo pafupi nafe, aliyense m'chilankhulo chake.

Foni inanjenjemera pamene ankatsitsa bokosi. Ndinawerenga nditabisa m'chitenje. Anali a ku Amereka aja, akupepesa mwaulemu. Anati amuna anga sanasaine pepala lomaliza, komanso ngakhale akanasaina, munthu amafunika kumuziziritsa mwa njira yawo pasanathe maola ochepa, osati masabata. Ndiye kuti masiku onse amene ndinkalimbana ndi abale, ndinkalondera chinthu chotha kale.

Sindinauze aliyense. Abusa atandibweretsera fosholo ya dothi, ndinatapa ndi dzanja lomwe ndinalumbirira lija. Dothilo linali louma, lofunda ndi dzuwa. Ndinalimva likugwa pa bokosi, amayi awiri anandigwira.

Madzulo anthu anabalalika msanga kuthamangira matekisi. Mipando yobwereka inatengedwa, nyumba inangoti zii. Chomveka chinali firiji yokha pakona, ija amuna anga anaitola pa zinyalala n'kuidzutsa chaka chomwe tinafika m'Joni. Kulira kwake kunandipweteka mutu. Ndinapita kuti ndikaizimitse, ndinagwira pulagi, ndinaima pamenepo mpaka dzanja linachita dzanzi. Ndinaisiya ikulira.