Mtsikana wa m'dengu

Ine buku sindibwereka mwana wasukulu ndisanaliwerenge ndekha. Khalidwe limeneli ndinaliyamba ndikuphunzitsa pa pulayimale ina ku Mavwere. Mabukuwo ndinkawatola pa msika wa Kamwendo, kwa bambo wina wa kaunjika amene ankawaunjika pambali pa nsapato, ena opanda chikuto, ena onunkha nkhungu. Ndinkasankha onena za atsikana basi: mtsikana wofufuza wakuba, mtsikana wolowa m'mayiko osaoneka ndi maso. Muyeso wanga unali umodzi. Mtsikanayo akangokhala pansi n'kumalira kudikira mnyamata womupulumutsa, bukulo ndinkalipereka kwa amayi a mandasi kuti azikulungira malonda. Akadzuka yekha n'kuyamba kufunsa mafunso, limenelo ndiye linkalowa m'katoni yanga ya m'kalasi.

Wowerenga weniweni ndinali naye mmodzi, mtsikana wa sitandade seveni, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya yoyandikana ndi sukulu. Kwawo kunali ku Phalombe. Bambo ake anamwalira fodya akadali ku nazale, mayi ake n'kuchita kuchonderera kuti amalize okha chakacho. Zala za mwanayu zinali bii ndi utomoni wa fodya, ndipo buku lililonse linkabwerako ndi zidindo zake. "Iwe, sopo anakulakwira chiyani?" ndinkamukalipira. Iye ankangoseka, n'kuyamba kuweruza bukulo.

"Madamu, wakubayo ndinamudziwa koyambirira komwe. Wolembayu amatiyesa mbuzi."

Pakamwa pake panali pakuthwa choncho, ndipo ndinkamukonda chifukwa cha pomwepo. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti ameneyu ndimufikitsa ku sekondale.

Buku limene linabweretsa mavuto linali labwino kuposa onse. Linkanena za mtsikana wa ku dziko lozizira. Chitsime cha m'tauni yawo chinauma, anthu n'kumunamizira kuti wachiumitsa ndi iyeyo. Ndiye ankakwera m'dengu la malemu mayi ake, dengu louluka, kukafufuza amene anatseka madzi. Pachikuto anajambula mtsikanayo atakhala m'dengumo, pamwamba pa madenga a nyumba. Ine ndinaona dengu, n'kumubwereka mwana wanga uja mosangalala.

Inali nyengo yosoka fodya. Loweruka ana a pa esiteti ankaswera m'chigafa, mmene amayanika fodya, akusoka masamba. Kuti tiana tisawodzere pa ntchito, iye anayamba kutifotokozera nkhaniyo m'Chichewa, n'kutionetsa chithunzi chija. Pakati pawo panali kamtsikana ka a kapitawo, woyang'anira matenanti. Posakhalitsa kamwanako kanadwala malungo. Thupi litatentha kanayamba kubwebweta, amvekere asisi aja atikweza m'dengu, tikuuluka.

Kuno aliyense anakula akumva kuti mfiti zimaphunzitsa ana ufiti powakweza m'lichero. Palibe anafunsanso kawiri. Lolemba mwana wanga sanabwere kusukulu, ndipo anzake ndiwo anandinong'oneza kuti iye ndi mayi ake akuthamangitsidwa pa esiteti.

Nditaweruka ndinakwera kabaza kupita komweko. Ndinapeza anthu atadzaza pakhomo pa a kapitawo, buku lili pampando, aliyense akuliyang'anira patali ngati njoka.

"Bambo, bukuli ndi langa," ndinatero. "Ndi nthano chabe. Tamverani, ndikuwerengereni."

Ndinatsegula n'kuyamba kumasulira, ndikuganiza kuti akamva aseka. Mayo ine. Tsamba limene ndinatsegula linali loti mtsikana uja wanong'oneza dengu, dengu n'kunyamuka. Mkazi wa a kapitawo anaomba m'manja kamodzi.

"Mwamva nokha. Aphunzitsi atsimikiza. Njira yake yalembedwa momwemo."

Mtima unandipsa. Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo. Ndinawafunsa ngati fodya wawo anayamba waulukapo yekha kupita ku okushoni. Ndinati mwana wodwalayo mupite naye kuchipatala, musiye kuzunza amasiye. Ndikamakweza mawu, m'pamene nkhope zawo zinkaumira. A kapitawo, munthu wofatsa ndithu, ananditengera pambali.

"Madamu, ine mwina ndakumvani. Koma matenanti anzawo akana kulowa nawo m'chigafa chimodzi. Fodya sadikira munthu. Inuyo mukanatani?"

Mwana wodwalayo anapitadi naye kuchipatala, anamwa mankhwala, n'kuchira. Ndinati basi, zatha. Koma anthu a pa esiteti anati wachira chifukwa mfiti yaululika.

Ndinayendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Ahedi anati za pa esiteti si za sukulu. Akuluampingo anati aziika m'mapemphero. Mwini esiteti ankakhala ku Lilongwe, ndipo palibe anafuna kundipatsa nambala yake. Pomaliza ndinapita kwa mayi a mwana wanga uja, ndinawapeza akumanga mapoto m'chitenje. Ndinawapempha kuti andisiyire mwanayo ndikhale naye mpaka adzalembe mayeso.

"Zikomo madamu, koma ayi," anatero osandiyang'ana. "Mukamusunga, mawa adzati mphunzitsi wa ufitiwo ndinu. Komanso ndatsala ndi yekhayu."

Fodya wawo, amene anamuvutikira chichokereni maliro, anatsala ali lende m'chigafa. Ine ndi maphunziro anga onse ndinalephera kupulumutsa ngakhale tsamba limodzi. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

M'mawa mwake ndinawaperekeza mpaka pa siteji ya Kamwendo. Buku ndinali nditalitenga pampando paja, popeza palibe anafuna kulikhudza, ndipo ndinalikutira ndi pepala la thumba la simenti kuti chithunzi chisaoneke. Minibasi ikudikira kudzaza, ndinamupatsira mwanayo.

"Tenga, ukamalize."

Anayang'ana mayi ake, kenako n'kubisa manja kumbuyo. "Akakalipeza kwathu, ziyambiranso. Ingondiuzani mmene zinathera. Ndinalekezera pamene anam'tsekera m'nyumba."

Ndinamuuza mofulumira, kondakitala akukuwa kumbali. Ndinati mtsikana uja anathawa, n'kupeza kuti amene anatseka madzi anali mkulu wa tauniyo, pofuna kuthirira munda wake wokha. Ndinati madzi anabwerera m'chitsime, ndipo anthu onse anasonkhana pabwalo n'kupepesa kwa mtsikanayo.

Anayamba kukanda utomoni wa pachala. Ndinkayembekezera kuti alira, ndipo ndinali nditakonzeka kulira naye. Koma anakweza mutu ndi nkhope ija ya m'kalasi, ya munthu woweruza buku.

"Onse anapepesa?"

"Onse."

"Kwa mwana wamkazi?"

"Eya."

"Madamu, zouluka zija ndinalibe nazo vuto, nkhani imafunika kukoma. Koma apapa wolembayo wanama. Limeneli kaperekeni kwa amayi a mandasi."

Mayi ake anamukoka dzanja, analowa, chitseko n'kutsekedwa. Kusukulu sanabwererenso, ndipo sindinamvenso za iye. Buku lija ndikadali nalo, m'chikuto chake cha simenti. Silinalowenso m'katoni ya m'kalasi. Kwa amayi a mandasi nakonso ndimalephera kukalipereka, chifukwa zala zake zakuda zili pa tsamba lililonse, mpaka pamene analekezera.