Elena ndi Lenzi Yojambulira Mbalame

Mdzukulu wanga Elena ndi wojambula zithunzi. Anayamba ndi foni yosweka galasi, kujambula kachewere wa amalume ake pa Chimbiya kuti ogula a ku Lilongwe aone. Lero ali ndi kamera yeniyeni, ndipo aja ankati mtsikana wa kwa Bembeke ntchito yake n'kupalira nyemba ayamba kumupatsa moni ndi manja awiri.

Vuto linabwera ndi a Rafaelo, apampando a tchalitchi chathu chakumudzi. Anzeru amenewa analamula kuti ojambula aziima kumbuyo kwa benchi yomaliza, ati amasokoneza mapemphero. Tony yekha, mwana wa mlongo wawo, ndiye aziima kutsogolo ndi kamera yake poti ndi wa kwaya. Zinangochitika mwangozi, inu. Ndiye ukwati wa mwana wa aphunzitsi a pasukulu yathu unali pafupi, ndipo aphunzitsiwo anamuuza Elena mosapsatira: "Nkhope zikakhala kuti sizioneka, nena msanga, ntchitoyi ndipatse Tony."

Tinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe kukagula lenzi, galasi lija lokokera zakutali pafupi. Wogulitsa anatulutsa kakafupi.

"Aka n'kopepuka, agogo, koyenera manja a mtsikana."

"Manja amenewa amakweza thumba la kachewere pa lole, bambo. Tulutsani yaikulu mwabisa apoyo."

"Agogo, imeneyo ndi ya ojambula mbalame," anatero Elena.

"Khala chete iwe. Ndikufuna a Rafaelo aione."

Ndinawoloka msewu n'kukaima pakhonde la sitolo ina. Elena atasuzumira mu lenzi yaikuluyo anati akuona ndi ulusi womwe ndinasokera bulauzi yanga. Tinatenga yomweyo, yaitali ngati munsi.

Tsiku la ukwati, ali kumbuyo kuja, Elena anaipotokola lenzi ija n'kuibweza mpaka pothera, koma m'kamera munkangokwana khutu la mkwatibwi. Olakwa ndi amene anamanga tchalitchi chachifupi ngati khola la mbuzi. Elena anandiyang'ana n'kutuluka. Anayenda chafutambuyo mpaka m'munda wa kabichi wa akatekisiti, n'kugwada m'mizere ndi diresi yake yatsopano, n'kuyamba kujambula kudzera pakhomo. Mphete, misozi ya amake a mkwati, zonse zinalowa.

Aphunzitsi ataona zithunzizo anamuuza kuti adzajambulenso ubatizo wa mdzukulu wawo. A Rafaelo ndi komiti yawo akadali pamsonkhano, kufunafuna lamulo loletsa munthu kugwada m'kabichi.