Poloni wa alamu anga

Ndinadzuka kusanache, pakati pa azimayi a kwaya amene anagona atakumbatira mabuku a nyimbo. Kunja kunali chisanu cha mu Juni. Azibambo anazungulira chitsa chimene chinayaka usiku wonse, koma alamu anga anakhala paokha, kutali ndi moto. Palibe anawapatsa moni.

Asisi anga anamwalira ali ndi pakati, pamodzi ndi mwana. Kwathu zikatere amati mwamuna anayenda ndi mkazi wina, ndiye wadula mkazi wake. Azakhali anali atayamba kale kuzinena kuchitsime.

Ine ndinkadziwa zina. Ndine ndinkadwazika asisi kuchipatala, ndipo namwino anandifunsa zimene ankakonda kudya. Ndinati poloni, soseji yaikulu ija yodula mapisi. Alamu amagwira ntchito pa fakitale ya nyama ku Lusaka, ndipo akabwera kumudzi ankanyamula zidutswa zotsala, poti woyembekezera sakanizidwa chimene mtima wake wafuna. Namwinoyo anati pali kachilombo kamene kamabisala m'makina odulira nyama. Atsuke chotani, kamabwereranso, ndipo m'filiji sikafa. Enafe timangotsegula m'mimba, koma woyembekezera kamatha kumutenga. Anati sangalumbire, chifukwa yankho la magazi silinabwere.

Dzuwa litakwera, maminibasi anayamba kutsitsa anthu pa msewu waukulu. Ena anachokera ku Mpanshya pa njinga, atamangirira nkhuni kumbuyo. Utsi unadzaza bwalo. Ine anandipatsa ntchito yotsuka makapu.

Tisananyamule bokosi, akuluakulu anaitanira alamu kuseri kwa nkhokwe. Ndinawatsatira ndi jagi ya madzi.

"Tchulani dzina la mkaziyo, mwana wathu agone bwino," anatero amalume.

"Kulibe mkazi, atate."

"Nanga chamudya n'chiyani? Mphepo?"

Ndinati, "Amalume, anesi anati..." Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. Alamu anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono.

"Iwe, makapu atha?" anatero azakhali. Ndinabwerera ku beseni.

Tinayenda pang'onopang'ono kupita kumanda, kudutsa m'minda yokolola kale, mapesi akulira kumapazi. Mphepo inkaulutsa nyimbo, moti akumbuyo ankaimba vesi ina. Poika nkhata za maluwa, mwamuna wa malemu ndiye amaitanidwa poyamba. Woitana anayamba ndi amayi, kenako atate, ife abale, a mpingo, mpaka anzawo a asisi a kumsika. Alamu anaima mpaka kumapeto, nkhata ili m'manja. Anakaiika okha anthu atatembenuka, adzukulu akukung'untha mafosholo.

Madzulo anthu atabalalika, alamu anandipeza ndikusesa phulusa. Chikwama chinali kale paphewa.

"Nanenso anandiuza anesi aja, mulamu," anatero. "Ndinaimbira akapitawo a kufakitale. Akuti makina anatsuka kale, Lolemba ndikafike msanga."

"Bwanji simunanene?"

"Aziti ndine wachigololo, bola zimenezo. Amayi ako asadziwe kuti ndinkamudulira ndekha poloniyo, n'kumuikira pa buledi. Usawauze."

Ndinapitiriza kusesa. Anatsikira ku msewu kukadikira basi.

M'nyumba munalibe mipando, inali idakali panja. Amayi anakhala pansi atatsamira khoma, chitenje cha asisi chili pamwendo. Anandifunsa ngati munthu uja wapita. Ndinati wapita. Anati zikomo Ambuye. Ndinakhala pafupi nawo, ndipo tinangomvera magalimoto akudutsa kupita ku Lusaka.