Magetsi Otsika Mtengo a Atate

Chaka chimene fakitale ya nsalu inatsekedwa, atate anaphunzitsa anthu a mumzere wathu ku Linda, mumzinda wa Livingstone, kuti magetsi amatsika mtengo usiku. Ine ndinali mu giredi naini, mwana woyamba m'nyumba, ndipo ndinali ndi matenda amodzi: chilichonse chotuluka m'kamwa mwa atate ndinkachimeza osatafuna.

Atate anali kapitawo kufakitaleko. Anachoka kwathu ku Katete akadali mnyamata, ndipo ku Livingstone anthu anawadziwa ndi tayi. Ntchito itatha, tayiyo sanaisiye. M'mawa uliwonse ankasamba, kuvala, kupanira nyuzipepala yakale m'khwapa n'kulowera kutauni, ati kukaonana ndi anthu. Ankabwerako dzuwa lili paliwombo, nsapato zili mbuu ndi fumbi, n'kugona mpaka madzulo. Anansi ankakhulupirira kuti ntchito ina ili pafupi kupezeka, ndipo atate ankafuna kuti azikhulupirira chomwecho.

Chimene chinkatidyetsa chinali china. Amayi anapeza ganyu yochapa zofunda za nyumba ina ya alendo kumsewu wopita kumathithi. Ankabwera ndi mtolo pamutu, mashiti oyera ndi nsalu za patebulo. Kuchapa ankachapa okha masana kuseri kwa nyumba, poti palibe amene amadabwa kuona mzimayi akuchapa. Koma kusita kunali kwa atate. Amayi msana unkawavuta, komanso kunena zoona dzanja lawo pa simbi silinkafika pa la atate, munthu amene anakalambira pa nsalu. Tikangomaliza chakudya chamadzulo, atate ankatseka chitseko, kuyala bulangete patebulo, kulumikiza simbi kumagetsi n'kuyamba. Ndinkagona ndikumva fungo la nsalu yotentha.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake sankasita masana, poti masanawo ankangogona.

"Usiku magetsi ndi otsika mtengo," anatero osandiyang'ana. "Anthu akagona, magetsi amangotayika. Ndiye akampani amatsitsa mtengo kuti ena awagwiritse ntchito. Mzungu wokonza makina kufakitale ndi amene anandiuza."

Mzunguyo sananame. Patapita zaka ndinamva kuti kwawoko zimenezi zilikodi. Koma mita ya pakhoma pathu inali kabokosi kosadziwa usana kapena usiku, kankangozungulira basi. Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa zimenezo, ndipo ndinanyadira kukhala ndi bambo wanzeru chotero.

Nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala mayi wina wa Chitonga, wonenepa, wa mawu omveka mpaka kumsika. Ankaphika masikono ogulitsa, ndipo mwamuna wake anali dalaivala wonyamula alendo kubwalo la ndege. M'mawa wina anawaimitsa atate pampanda, ine ndikusesa pabwalo.

"Ba neba, nanga malaiti kwanu siyagona? Nikauka usiku niona kuli mbee. Kuli odwala?"

Atate anakonza tayi. "Kulibe odwala. Ni nzelu chabe. Malaiti usiku ni yochipa, so ba madamu bamachisa usiku."

Ndinamva bwinobwino kuti atate anena kuti amene amasita ndi amayi. Ndinangoti lilime laterereka, n'kupitiriza kusesa.

Mayi uja anatenga nkhaniyo ndi manja awiri. Anayamba kuphika masikono ake usiku, ndipo poti magetsi anali otsika mtengo, anawonjezeranso kaphikidwe. Pamene iye sanafikepo ndi nkhaniyo, ndinafikapo ine. Ndinalalikira pampopi, ndinalalikira kusukulu, ndipo wotsutsa aliyense ndinkamufunsa ngati bambo ake anagwirapo ntchito ndi mzungu. Pofika nyengo yotentha, theka la mzere wathu silinkagona. Uyu akuwiritsa nyemba, uyu akusita mayunifomu, wina akutenthetsa madzi osamba mawa lake, amene pofika m'mawa ankakhala atazizira kale. Amuna akakumana ndi atate ankawathokoza. Atate ankangogwedeza mutu n'kufulumiza mwendo, ndipo ine ndinkati ndi kudzichepetsa.

Zinaphulika Loweruka lina mwezi wa Okutobala. Mlungu umenewo kunyumba ya alendo kunadzaza, ndipo mtolo unabwera waukulu kuposa masiku onse. Kunacha atate asanamalize. Amayi ananyamula zomwe zinali zitatha n'kuthamangira nazo, atate n'kutsala ndi zinazo. Kunkatentha koopsa, moti anali atavula malaya ndi buluku, atamanga chitenje cha amayi m'chiuno, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkapinda mashiti pakona.

Mawu a mayi uja tinawamva asanalowe pachipata.

"Ba neba! Chokani panja tikambe! Munatinama imwe! Nayenda ku ofesi ya malaiti, banena ati kulibe vamene ivo, usiku na muzuba ni chimozimozi. Miyezi yonse iyi sinigona, lelo nagona pa mupando masikono yonse yapsa. Nizagulitsa chani, malasha?"

Kumbuyo kwake kunkamveka mapazi ambiri. Ku Linda mkangano wa m'mawa susowa mboni. Atate anayang'ana chitseko, anayang'ana chitenje. Chitsekocho amayi potuluka sanachikhome, ndipo mayi uja anangochikankha.

Anaima pakhomo, pepala la bilu lili m'manja, pakamwa pali yasa. Anaona kapitawo wa tayi ali pamimba pamtunda, atavala chitenje cha maluwa ofiira, simbi ili m'dzanja, mulu wa mashiti a eni ake uli pambali. Anayang'ana uku ndi uku kufuna amayi, koma amayi munalibe. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono. Mwayi wake, thupi lake linadzaza khomo lonse, moti a kumbuyo ankangosuzumira pachabe.

Kenaka anabwerera chambuyo, n'kukoka chitseko mpaka chinatsekeka.

"Bakali gone ba neba," tinamumva akuuza anthu, n'kulonjeza kubwera mawa lake. "Nizabwela mailo. Manje imwe mufuna chani? Ni sinema? Yendani!"

Atate anaima pomwepo mpaka fungo la chopserera linatidzidzimutsa. Simbi inali itadinda chizindikiro chake pashiti ya alendo.

"Waima ngati mtengo bwanji?" anandikalipira. "Tenga madzi."

Ndinapita kukatunga, ndipo ndili pampopipo zonse zinandilowa m'mutu nthawi imodzi. Magetsi sanatsikepo mtengo. Atate ankasita usiku kuti anthu asawaone akugwira ntchito ya akazi, yolipidwa ndi anthu ena. Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa. Ndinachita manyazi ndi chitenje chija, ndi bodza lija, ndi pakamwa panga pamene panalifalitsa mzere wonse. Ndinachitanso manyazi kuti ndikuchita manyazi ndi munthu amene ankachezera kuti ife tidye. Masiku angapo sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Ndinkadikira kuti nkhaniyo imveka kumsika dzuwa lisanalowe. Siinamveke. Mayi uja, amene sankatha kusunga ngakhale nkhani ya nkhuku yosochera, anangouza anthu kuti akampani anasintha malamulo. Anthu anatukwana kampaniyo n'kuyambanso kugona. Atate anapachika bulangete pawindo kuti kuwala kusamatuluke, n'kupitiriza ntchito yawo.

Patapita milungu ingapo, mayi uja anabwera kukhomo la kuseri ndi kathumba. Munali malaya oyera ndi mabuluku a mwamuna wake, a kuntchito.

"Ba neba," anauza amayi motsitsa mawu, chinthu chimene sindinkadziwa kuti amatha, "bamuna banga badandaula ati siniziba kuchisa. Mungapaseko uja amene amakuchisilani mashiti? Nizalipila."

Sanatchule dzina. Atate anali kuchipinda, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo ndikudziwa kuti sanali m'tulo. Amayi anatsegula pakamwa kuti akane, koma ufa m'chitini unali utafika pansi. Analandira ndi manja awiri. Ine chifundo chimenecho chinandiwawa kuposa mmene chitonzo chikanandiwawira. Usiku umenewo atate anatulutsa zovalazo m'kathumba n'kuyamba ndi malaya.

Banja limenelo tinkapemphera nalo tchalitchi chimodzi. Lamlungu lotsatira dalaivala uja anabwera atavala amodzi mwa malaya aja, n'kukhala kutsogolo kwa atate. Ine ndinali mbali ya azimayi, koma ulaliki sindinaumve. Ndinkangoyang'ana atate, atavala tayi yawo, maso ali pamsana wa mnzawoyo.

Titatuluka, dalaivalayo anawapeza panja, akuseka, wosadziwa kanthu.

"Ba neba, onani! Ba madamu manje baziba kuchisa. Onani chabe laini iyi." Anatambasula mkono kuti atate aone mzere wa pamalaya.

Mkazi wake anayang'ana kumbali. Amayi anawerama ngati akukonza nsapato. Atate anagwira nsaluyo ndi zala ziwiri, monga ankachitira kufakitale, n'kuyang'anitsitsa.

"Ni kwanja kwabwino," anatero, kuyamikira dzanja limene linasita.

Pobwerera kunyumba tinayenda awiri, amayi atatsalira ndi ana. Dzuwa linkaswa mtengo. Titafika pachipata atate anaima, akumasula tayi, maso ali pansi.

"Kolala ija sindinaimalize bwino," anatero. "Akabweretsanso undikumbutse."