Maliro Opanda Ng'oma a Mayi Zabette

Ignatius Belfon anakalambira m'khola la akavalo. Bwana wa boma aliyense amene ankatumizidwa kuchokera ku Mangalande kudzalamulira chilumba cha Carriacou ankapeza kavalo atamangidwa kale chishalo, Ignatius ataima pambali, chipewa chili kumanja. Anali wamantha chibadwire. Mayi ake, Mayi Zabette, ankati mwanayu anabadwa akuyang'ana pothawira.

Nkhawa yake yaikulu inali mayiwo. Ankakhala kuphiri, kuchiritsa anthu ndi masamba ndi mapemphero a makolo, ndipo pamaliro alionse ndiwo ankayambitsa nyimbo ng'oma zikalira. Koma lamulo la atsamunda linkati zochiritsazo ndi ufiti, ndipo wopezeka nazo ankalowa ndende.

Pa mabwana onse, amene anamuwondetsa ndi Bwana Thackwell. Mzunguyu m'mawa ankaweruza milandu, masana n'kumalemba mabuku. Akakufunsa funso sunkadziwa kuti wafunsayo ndi uti, wa kukhoti kapena wa cholembera.

"Belfon," anatero tsiku lina, "ndamva kuti mayi ako ndi katswiri wa zamakolo. Mawa undiperekeze."

Ignatius anakwera phiri mtima uli m'mwamba.

"Amayi, chonde bisani mabotolowa. Mumuimbire kanyimbo ka kutchalitchi basi, azipita."

"Iwe, mlendo akwere chiphiri chonsechi kudzamva zimene amamva Lamulungu lililonse? Manthawa unatengera bambo ako. Iwo aja ankathawa ndi nkhanu yomwe."

Bwana anabweradi. Anamwa tiyi wa masamba, nafunsa za botolo lililonse, nalemba, nawajambula mayiwo chithunzi akuseka pakhomo pawo. Kuyambira pamenepo Ignatius akamva nsapato za wapolisi, ankabisala kuseri kwa akavalo. Koma miyezi inadutsa osagogoda munthu. Kenako Bwana Thackwell anasamutsidwira ku Fiji, ndipo Ignatius anayambanso kudya n'kukhuta.

Chakudza sichiimba ng'oma. Patapita zaka kunabwera Bwana Ordway, wachinyamata, wokonda lamulo kuposa chakudya. Anatsika m'ngalawa atapanira m'khwapa buku limene Thackwell analemba za chilumbacho. Analiwerenga ulendo wonse kuti adziwe dziko limene akukalamulira. Asanakwere n'komwe kavalo, anatsegula pa chithunzi chija.

"Mfiti iyi ukuidziwa? Imakhala kuti?"

Ignatius anaona mayi ake akumusekerera papepala.

"Anamwalira, bwana. Chaka chatha."

Chilumba chonse chinalilandira bodzalo, ndi wapolisi yemwe, poti nayenso anabadwira m'manja mwa mayiwo. Koma wakufa sapita kumsika, salowa m'tchalitchi, ndipo saimba pamaliro, chifukwa mawu a Mayi Zabette ankamveka mpaka kunyumba ya boma. Ignatius ankawatengera ufa wa chimanga, nandolo ndi nsomba zamchere, akucheukacheuka njira yonse.

"Wabwera kudzaona mzukwa wako?" ankamulonjera choncho.

Poyamba ankanena akuseka. Pambuyo pake kusekako kunatha. Ng'oma zikamalira kutsidya, iwo ankakhala kuseri kwa chitseko, milomo ikuyenda popanda mawu. Ignatius zinkamupweteka kwambiri, koma kukaulula kwa bwana kunali kuwapereka yekha kundende, ndipo sakanatha.

Mayi Zabette anamwaliradi Bwana Ordway akadali pampando. Imfa iliyonse inkakanenedwa kuofesi ya bwanayo, tsono munthu angafe bwanji kawiri? Anawaika m'bandakucha kuseri kwa munda wa nandolo, anthu ochepa, opanda belu, opanda ng'oma. Mayi amene anaperekeza chilumba chonse ndi nyimbo anapita ngati wakuba.

Ignatius anasamba m'manja, natsika phiri kukamanga chishalo. Bwana anali ataima kale pakhonde.

"Lero wachedwa, Belfon. Kwagwanji?"

Ignatius anavula chipewa.

"Palibe, bwana."