Dobi Wodziwa Nsabwe

A Gilson anali dobi wa banja la a Hoosen, eni sitolo ya nsalu m'tauni ya Zomba. Zaka zisanu ndi chimodzi sanawotchepo malaya a munthu. Vuto lawo linali kuchedwa. Chovala chilichonse ankayamba achitembenuza, kenako n'kumayendetsa simbi yamakala m'misoko pang'onopang'ono. Ine ndi iwo tinkakhala moyandikana ku Matawale, ndipo ndinkawaseka kuti amasita ngati akufunafuna singano yotayika.

Chimene banjalo silinkadziwa n'chakuti a Gilson adagwidwapo akucheka mitengo ya paini m'phiri mopanda chilolezo, nakakhala kundende zaka ziwiri. Pofunsira ntchito adangoti anali kumudzi. Adaonanso ndi maso awo a Hoosen akuthamangitsa mlonda atangomva kuti adamangidwapo.

Lachiwiri lina mayi Zulekha, akazi a a Hoosen, adatulukira kukhonde akukoka mwana wawo Mariyah, yemwe ankadzikanda m'mutu ndi manja onse awiri. Papepala loyera limene adanyamula pankayenda nsabwe.

"Izi mwabwera nazo ndinu," adatero mayiwo. "Zalowa m'zovala za mwana. Mukamaliza apa, musabwerenso."

A Gilson adaika simbi pamwala. Kunyumba kunali ana atatu a sukulu, ndipo dobi wochotsedwa chifukwa cha uve salembedwanso pena paliponse m'Zomba. Adayang'anitsitsa kachilomboko. Ankakadziwa bwino, koma kunena zambiri kunalinso kudziulula.

"Mayi, nsabwe zili mitundumitundu," adayankha a Gilson. "Iyi ndi ya m'mutu. Imamata mazira patsitsi, makamaka kuseri kwa makutu, ndipo ana amapatsirana akagundanitsa mitu kapena kubwerekana chipeso. Ya m'zovala imabisala m'misoko, imangotuluka kudzaluma. Palinso ina, koma sindingaitchule pamaso pa mwana."

Adatenga yunifolomu ya Mariyah n'kuitembenuza. Misoko yonse inali mbee. Mayi Zulekha adapinda khutu la mwanayo, ndipo timazira toyera tinali mbwee patsitsi.

Nkhani ikadathera pamenepo, koma a Hoosen anali ataima pakhomo nthawi yonseyi.

"Gilson, zonsezi udaphunzira kuti?"

Bodza linalipo lapafupi, akadangoti kuchipatala. Koma munthuyu anali atatopa nalo.

"Kundende, bwana. Zaka ziwiri, mlandu wa mitengo. Bulangete limodzi tinkafunda anthu anayi, simbi kunalibe, nsabwe tinkaziswa ndi zikhadabo. Ndidalumbira kuti chovala chodutsa m'manja mwanga sichidzaluma munthu."

A Hoosen adapinda m'munsi mwa malaya amene adavala, nayang'ana msoko wake nthawi yaitali.

"Makala akuzima," adatero. "Maliza ntchito, mawa ubwere."

Ntchito idapulumuka. Koma m'mawa mwake a Gilson adapeza loko watsopano pachitseko cha chipinda chosungira zovala, chomwe kale ankalowa ndi kutuluka momasuka. Kiyi anali m'manja mwa mayi Zulekha, omwe adaima pomwepo mpaka dobiyo atatulutsa mtolo.

Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Ndidawafunsapo a Gilson ngati samva chisoni kuti adaulula. Adangotenga malaya a a Hoosen, nawatembenuza, nayamba ndi msoko wa m'khosi.